Nsapato za a Daka

A Protazio Daka tinawaika m'manda mwezi wathawu, ndipo ndine wokondwa kulengeza kuti mwambo wonse unayenda bwino kwambiri, popeza mwini wake sanathe kuyankhapo. Akanakhala ndi mpweya ngakhale wodzaza kabotolo, akanadzuka m'bokosi muja pamene ba Mulenga anaimirira, dzanja lili pachifuwa, n'kunena kuti malemuwa anali mzati wa pulogalamu yawo. Ba Mulenga omwewo ndiwo anawachotsa a Daka pa pulogalamuyo zaka zambiri zapitazo. Koma pamaliro munthu saloledwa kukumbukira zinthu, ndiye tinagwedeza mitu, azimayi a kwaya n'kuyamba nyimbo.

Ine ndinali m'gulu lonyamula bokosi. Linali lopepuka. Ndinadabwa, chifukwa ali moyo munthuyu ankandilemera kwambiri.

Ndiyambe ndi kulongosola ubale wathu, poti ena pamaliropo ankafunsana kuti mnyamata wamtali uja ndi wa kwa yani. Sindine mbale wawo. Boma ndilo linatilumikiza. Linayamba latenga atate anga, a Venansio Njobvu, n'kuwatsekera ku ndende ya Mukobeko moyo wawo wonse, pa mlandu wa munthu amene anafa pa ndewu ya ku bala. Pambuyo pake linaona kuti mwana sangakule bwino popanda mwamuna womulangiza, ndipo mwa chifundo chake linafufuza m'Kabwe monse, n'kundipezera munthu amene kale ankawatsekera atatewo chitseko madzulo alionse. A Daka anali wada, woyang'anira akaidi, wopuma pa ntchito. Ine ndinakaphunzirako pang'ono ku koleji, ndisanaganize zosiyira ena malo, koma m'mabuku onse amene ndinatsegula sindinapezemo nzeru yoposa imeneyi.

Anali munthu wamfupi, wa khosi lokhuthala, wometa mpala. Ngakhale anasiya ntchito kalekale, dzanja lawo lamanja linkapita lokha m'chiuno kukapapasa makiyi amene kunalibe. Akatseka chitseko cha nyumba yawo ku komboni ya Bwacha ankachikankha ndi phewa kuti aone ngati chagwiradi. Ku tchalitchi ankaima kumbuyo kwenikweni, milomo ikuyenda, ndipo azimayi ankati taonani mmene mkuluyu amapempherera. Sankapemphera. Ankawerenga mitu. Anandiuza okha kuti sangakhazikike m'chipinda asanadziwe kuti muli anthu angati, ndipo misa ikamatha ankawerenganso, kuopa kuti wina wathawa. Bambo awo anachokera ku Petauke kudzathira malasha m'sitima, iwo n'kubadwira m'komboni ya anthu a njanji. Ankayankhula Chinyanja cha m'tauni ngati tonsefe, koma akakwiya Chinsenga chinkatuluka chokha, ndipo popeza ankakwiya kawirikawiri, ana ambiri a ku Bwacha anaphunzira Chinsenga kwaulere.

Za mmene analili pa ntchito anthu ankanena zosiyana. Ena ankati sanalandepo kanthu kwa mkaidi. Ena ankati sanamwetulirepo. Ndinaonapo bambo wina amene anatuluka kundende akuwoloka msewu kuti asakumane nawo, ndipo a Daka anamuyang'ana mpaka anakhota, n'kunena kuti ameneyo ankapinda bulangete mokhota ndipo akuyendabe mokhota. Mawu oti chikondi ankadana nawo. Ankati ndi mawu a anthu amene sanatsukepo mapazi a mwana wa eni ake.

Pajatu chimene ankadziwika nacho ndi thumba. Linali thumba loyera la feteleza, lodzaza nsapato za ana: zakuda za kusukulu, za nsalu, tina ta pinki ta atsikana, zina zogula pa salaula, pa msika wa zovala zakale, zambiri zochita kulanda kwa akhristu anzawo amene ana awo anakula. Lamulungu lililonse, misa yoyamba ikangotha, ankakwera minibasi ya ku Mukobeko, thumba pa miyendo, akukangana ndi kondakita amene ankafuna kuliika pansi pa mpando. Akatsika ankalikoleka pa msomali umene anakhoma okha pa mtengo wa mango, pafupi ndi pamene alendo okaona akaidi amatsikira. Pansi ankaika beseni la madzi, kansanza, chipeso ndi botolo la mafuta odzola. Kenako ankadikira.

Azimayi ankatsika ndi zakudya m'makontena, ana akuwatsata pambuyo. A Daka sankapereka moni. Ankaloza mwana ndi chala, n'kuloza mwala umene unali pansi pa mtengowo. Mwana akakhala, ankamusambitsa mapazi, kumudzoza mpaka miyendo iwale, n'kumuveka nsapato za m'thumba. Zikakula ankatsendera nyuzipepala kutsogolo. Potuluka mwana ankabweza. Mayi wina amene anayesa kupita nazo kwawo anaphunzira tsiku limenelo kuti nkhalamba imatha kuthamangitsa minibasi.

Chifukwa chake ankachifotokoza ngati akuwerenga lamulo. Ankati mkaidi akaona mwana wake sayamba ndi nkhope, chifukwa nkhope mayi amatha kuiuza kuti iseke. Amayamba ndi mapazi. Akaona nsapato amadziwa kuti kunyumba moto ukuyakabe, amabwerera mkati n'kukadya. Akaona zidendene zong'aluka, tsiku limenelo sadya, mawa lake amayamba ndewu, ndipo panali wina amene anang'amba bulangete n'kulipota, iwo ndiwo anakamutsitsa. Nkhani imeneyo anainena kamodzi kokha, tikupukuta nsapato, ndipo nditafunsa dzina la munthuyo anandiuza kuti ndasiya matope ku chidendene.

Ankaphunzitsanso ana bodza, ndipo pa phunziro limeneli anali osamala kuposa aphunzitsi onse amene ndinakumana nawo ku koleji.

"Akakufunsa atate ako kuti munadya chani dzulo, uzakamba chani?"

"Nkhuku."

"Nkhuku ya ndani? Iwe, atate ako ni mkaidi, si chitsiru. Kamba kapenta."

"Kapenta."

"Basi. Usaonjezepo."

Kapenta ndi tinsomba touma, ndiwo za masiku onse. Ankati bodza labwino liyenera kukhala losauka pang'ono kuti munthu alikhulupirire.

Musaganize kuti ankakondedwa. Bana Mwansa, mayi wogulitsa vitumbuwa pafupi ndi mtengo womwewo, anakangana nawo zaka zonse chifukwa cha madzi akuda a m'beseni amene ankayenderera ku malonda awo ndi kuwalanda mthunzi. Iwo ankawatcha a Daka wada wa nsapato, a Daka n'kumawatcha mkaidi amene sanagwidwebe. Kunyumba nkhani inali yowawa kuposa pamenepa. Mwana wawo wamkazi, a Agnesi, amene pano ndi mayi wa ana akuluakulu, anandiuza pamaliro pomwepo, osatsitsa n'komwe mawu, kuti bambo awo anabwerapo kudzacheza n'kuchoka ndi nsapato za mdzukulu wawo zisanayambe kumuthina.

"Atate anali na chifundo maningi, Fide," anatero a Agnesi. "Koma chinali kuyambila pa geti ya jele."

Ine ndinakumana nawo chifukwa cha sikipa, kamalaya kopanda mabatani. Atate atamangidwa ndinali wamng'ono, ndipo iwo anawalumbiritsa amai kuti ndisadzadziwe, ndisadzapondenso ku Mukobeko. Choncho ndinakula ndikudziwa kuti atate amagwira ntchito ku migodi ya ku Solwezi, kumene kulibe tchuthi. Tinasamuka ku komboni ya Ngungu kubwera ku Bwacha, amai n'kuyamba kugulitsa matimati pa msika. Akuluakulu ankadziwa zoona koma anagwira pakamwa, ndipo ine ndinkalonjeza anzanga kuti njinga ikadzabwera kuchokera ku Solwezi ndidzakweza okhawo amene sandinena.

Ndili giredi sikisi kunabwera pulogalamu ya boma yosamalira ana a akaidi. Mwana aliyense ankapatsidwa mlangizi, munthu wamkulu woti azimuyendera ndi kumuwongola, komanso makope ndi yunifolomu. Amai anamva za yunifolomu. Anandilembetsa, n'kundiuza kuti ndi kalabu ya ana amene atate awo amagwira ntchito kutali. Loweruka loyamba mu holo tinalandira mabisiketi, zakumwa, ndi sikipa yachikasu aliyense. Ba Mulenga, mkulu wa pulogalamuyo, munthu waulemu wonunkhira bwino, anatiuza kuti tiziyenda monyadira. Ndinamvera. Ndinavala sikipa pomwepo, n'kudutsa pakati pa msika wa Bwacha chifuwa chili patsogolo. Kutsogolo kwa sikipayo kunali chithunzi cha manja awiri ogwirana. Kumbuyo kunali mawu a Chingerezi, ndipo Mulungu anamulenga munthu mwa njira yoti sangawerenge msana wake.

Mnzanga Bwalya anandithandiza.

"Fide, imilila. Batate bako bali kuti?"

"Ku Solwezi."

"Sikipa yako ikamba vinangu."

"Ikamba chani?"

Anawerenga mokweza, pang'onopang'ono, chala chikuyenda pa msana panga, kenako anamasulira kuti ogulitsa makala nawonso apindule: mwana wa mkaidi ndi mwana wa tonse.

"So njinga ija," anatero Bwalya, "izachokela ku jele?"

Amai anali pa tebulo lawo la matimati chapafupi pomwepo. Anandigwira pa mapewa, ananditembenuza, nayang'ana nthawi yaitali ngakhale Chingerezi sachidziwa. Anangoti, "Vula." Madzulo ake sikipayo inayamba ntchito yokolopa m'nyumba, ndipo za Solwezi sitinazinenenso.

Anzanga a mu pulogalamu anapatsidwa alangizi abwino: aphunzitsi, namwino, mnyamata wina wa mpira. Ine anandipatsa a Daka, amene analowamo chifukwa anamva kuti mu holomo mudzakhala ana a akaidi ambiri pamalo amodzi, osafunika kuwasaka. Nawonso anapatsidwa sikipa, ndipo anaiyamikira poyera kuti nsalu yake imawalitsa bwino chikopa. Buku la malangizo linkati mwana azijambula pa pepala zimene akumva mumtima. A Daka anandipatsa burashi ndi polishi. Uphungu wanga wonse unachitikira pa khonde lawo Loweruka masana, ine ndikupukuta nsapato za ana ena, iwo akundiuza kuti ndili ndi manja a atate anga, manja aulesi. Umu ndi mmene ndinadziwira kuti amawadziwa. Ndinayamba kupukuta mochedwa dala kuti anene zambiri: kuti atate amadya ndi dzanja lamanzere, kuti amaimba besi pa misa ya mkatimo, kuti sapempha kanthu kwa munthu. Ndinawapempha kuti anditenge ndikawaone. Anati lamulo la pulogalamu sililola mwana kupita kundende pokhapokha kholo la mkatilo litavomera, ndipo Venansio wakana. Ananena ngati munthu wolemekeza lamulo, ndipo mpaka nyengo ya dzuwa chaka chimenecho analilemekezadi.

Kenako anzawo akale a pa ntchito anawauza kuti atate akudwala chifuwa, ndipo akutha. Anabwera kunyumba, anakana mpando, nawauza amai chiimire.

"Amake Fide, Venansio sazaona mvula ya chaka chino. Mwana ayende akamuone."

"Anakana, a Daka. Ananilumbilitsa pa kolona."

"Anakulumbilitsani ali na mphamvu. Manje alibe."

"Ine nikali nazo," anatero amai. "Mwana wanga sazaponda kuja."

A Daka anandiba. Lamulungu amai ankapita ku msika misa ikatha, ndipo ine ndinkati ndikupita kwa mlangizi wanga, zomwe zinali zoona. Pa mtengo paja anandisambitsa mapazi ngati ana ena, n'kutulutsa nsapato zimene ankasunga pansi penipeni pa thumba: zakuda, za zingwe, za chikopa chenicheni. Zinandikwana ngati anachita kundiyeza. Tinapereka dzina pa geti, tinadikira pa mzere. Yankho linabwera ndi wada wina amene sankafuna kutiyang'ana kumaso: mkaidi Njobvu akuti mwana wake ali pa sukulu, sabwera kumalo ngati ano. Ndinavula nsapato, tinakwera minibasi. Lamulungu lotsatira yankho linali lomwelo. Lotsatiranso wadayo anangopukusa mutu akali patali.

Tsiku limene ndimawakumbukira nalo a Daka, ndikafuna kuwakonda komanso ndikafuna kuwada, linali Lamulungu lina la mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Anandipeza kunyumba amai atachoka. Anayang'ana pa khomo, pamene panali chikolopo chachikasu chija, n'kuchinyamula ndi zala ziwiri.

"Vala."

"Ni chikolopo, a Daka."

"Niziba. Vala. Patapata siya."

Pa mtengo paja anasambitsa mwana aliyense, anaveka aliyense, ine n'kundisiya pa mchenga wotentha ndikusinthanitsa mapazi ngati nkhuku. Mawu a pa msana anali atafwifwa koma ankawerengekabe. Anandiimika pafupi ndi mzere, msana utaloza kwa anthu. Bana Mwansa anasiya malonda awo.

"Imwe ba mudala, mwafunta? Mwana azapya mendo!"

"Gulisani vitumbuwa vanu."

Kenako anaitana wada uja, nayankhula mokweza kuti mzere wonse umve.

"Kamuuze Venansio kuti Daka wabwela na mwana wake. Alibe nsapato. Wavala nsanza yolembewa kuti ni mwana wa mkaidi, ndipo aliyense apa wabelenga. Akakana kutuluka, Sondo ikubwela nizamuimika pa msika."

Atate anatuluka.

Anabwera atatsamira mkaidi mnzawo, munthu wamtali amene malaya ankamulendewera ngati apachikidwa pa chingwe. Pakati pathu panali waya. Sanandiyang'ane. Anagwira wayayo ndi dzanja lamanzere n'kuyamba kuwatukwana a Daka, ndipo ndinamva besi ija ndinauzidwa.

"Daka, galu iwe! Zaka zonse unanikhomela chitseko, sin'nakupemphe kanthu. Chimozi chabe n'nasala nacho, kuti mwana wanga asanione so. Na chamene icho wanilanda?"

A Daka anaima nji, manja kumbuyo, ngati pa perete.

"Kamba, Venansio. Mau ukali nayo."

"Uzafa imfa yoipa iwe."

"Nizafa, inde. Koma uzayamba ni iwe. Mwana wako uyu. Muone."

Atate anatsokomola nthawi yaitali, ndipo nthawi yathu yambiri inathera pamenepo. Atawongoka anayang'ana pansi, monga a Daka ankanenera. Mapazi, kenako nkhope, kenako mapazinso.

"Ndiwe Fidelisi?"

"Ee, atate."

"Nsapato zili kuti?"

Ndinali nditaphunzira yankho la kapenta, la sukulu, la thanzi la amai. Ili lokha a Daka sanandiphunzitse. Ndinati zili m'thumba.

Atate anatseka maso. Wada anati nthawi yatha. Akuwatembenuza, anayankhula, osati kwa ine koma kwa mdani wawo, mawu atatsika.

"Daka. Sondo umubwelese. Umuveke nsapato, nimuone bwino."

Titabwerera pa mtengo bana Mwansa anandipatsa chitumbuwa, n'kuwapatsa a Daka mawu amene sindingawalembe. Mu minibasi mkuluyo sanawerengenso ngakhale mitu.

Pa mzere paja panali azimayi a ku Bwacha, choncho nkhani inafika kwa amai ife tisanafike. Sanandimenye. Anamanga chitenje m'chiuno napita kwa a Daka, ndipo anthu a mu msewu umenewo amakumbukirabe zimene anamva. M'mawa mwake anapita kwa ba Mulenga. Ba Mulenga anachita zimene aliyense wokhala pa mpando wawo akanachita, ndipo ndikunena izi mopanda chipongwe chambiri: mlangizi wawo anaba mwana, anamuyendetsa pa dzuwa wopanda nsapato, namuchititsa manyazi pagulu. Za amene anasindikiza mawu a pa msana aja sizinali pa ndondomeko ya msonkhano. A Daka anachotsedwa. Ine anandipatsa mlangizi watsopano, munthu wabwino wa gitala, amene anandipempha kuti ndijambule zimene ndikumva mumtima. Ndinajambula minibasi.

Lamulungu limene atate anapempha, amai sanapite ku msika. Ananditsekera m'nyumba, iwo n'kukhala pa khonde. Ndinaona pa windo a Daka ataima pa mpanda, nsapato zakuda zili m'manja.

"Amake Fide, wapempha yekha. Lumbilo yanu yasila."

"Munamuvula mwana wanga pamaso pa anthu. Chokani."

"Muzanimenya ine Mande. Lelo ayende."

Amai anawathira madzi otsukira mbale. A Daka anakweza nsapato m'mwamba kuti zisanyowe, anaima pang'ono, napita okha ku Mukobeko.

Zimene zinachitika kumeneko ndinazimva patapita zaka kwa bana Mwansa, amene anazimva kwa azimayi a pa mzere, chifukwa a Daka sanazinenepo. Atate anatuluka osachita kuitanidwa kawiri. Anali atameta ndevu. Anapeza a Daka okha, atanyamula nsapato zopanda mwana. Akuti sanatukwane. Anaziyang'ana nsapatozo, nafunsa ngati zimandikwana, ndipo atauzidwa kuti inde, anapempha kuti awabweze mkati. Anamwalira sabata lomwelo lisanathe.

Choncho munthu amene anathera ukalamba wake wonse kuonetsetsa kuti mkaidi asaone mwana wake wopanda nsapato ndi yemweyo anachititsa kuti atate anga andione kamodzi kokha, chikolopo pathupi, mapazi pansi. Ndinawafunsapo ndili wamkulu, nditabwerako ku koleji ndi katundu wanga yense, ngati amaona kuti analakwa. Anati akanapanda kutero bwenzi ndikanali ndi Solwezi yekha. Ndinati mwina Solwezi anali bwino. Anati ndisiye kuyankhula ngati munthu wa pulogalamu, nditenge burashi.

Koma pa maliro a atate anabwera, popanda wowaitana. Nthawi yoona nkhope itakwana anatulukira pakati pa anthu. Amai anawaona koma analibe mphamvu. A Daka anagwada pa fumbi pamaso pa onse, anandivula patapata, anandipukuta mapazi ndi mpango wawo, nandiveka nsapato zakuda zija, kumanga zingwe mosafulumira. Kenako anandikoka pa dzanja mpaka kumutu kwa bokosi, anandiimika poti ndioneke bwino, nagogoda pa thabwa monga ankagogodera chitseko.

"Venansio. Nabwela naye. Ona."

Mwambo utatha anandiuza kuti ndivule. Zinali za m'thumba.

Pulogalamu ija inatha boma litasintha maganizo. Ba Mulenga anasamukira ku pulogalamu ina, ndikuganiza ya kusamba m'manja, komwenso kunali masikipa. A Daka anapitiriza ndi thumba lawo mpaka miyendo inayamba kutupa, ndiye pa mwala paja ankakhalapo ndi iwo, ana n'kumaima. Amai sanawayankhulenso mpaka imfa, koma pa maliro awo anabwera, anakhala kumbuyo, ndipo ndi okhawo amene sanagwedeze mutu pamene ba Mulenga ankanena za mzati.

M'mawa mwake abale ochokera ku Petauke anagawana zovala za malemu monga mwa mwambo. Atamaliza majekete ndi mabulangete, wina anatulutsa thumba. Analikhuthula pa mphasa, ndipo aliyense anasankhira zidzukulu zake, akuyeza ndi chikhatho. Palibe amene analakwa, zinali katundu wa malemu. A Agnesi anatola zakuda zija, zimene akuti bambo awo sanavekenso mwana wina aliyense kuchokera chaka chija, nandifunsa ngati ndikuzifuna. Ndinati sizindikwana. Thumba lenilenilo analitenga mlamu wina. Akuti ndi lolimba, likhala la makala.

Dzulo ndinakwera minibasi ya ku Mukobeko, popanda chifukwa chomveka, poti ndilibe mbale mkatimo. Mtengo wa mango ulipo. Msomali ulipo, wachita dzimbiri, ndipo pansi pake khungwa n'losalala pamene thumba linkakhuza. Mwala ulipo, ukuwala pamwamba chifukwa cha makabudula a ana. Dothi limene linkakhala lonyowa Lamulungu lililonse lauma gwa, koma bana Mwansa, amene anadandaula za madzi amenewo theka la moyo wawo, sanasunthire malonda awo pa mthunzi. Akadali pa dzuwa pamene anali.

Minibasi ina inaima. Munatsika mayi ndi kontena la chakudya, pambuyo pake kamtsikana kovala patapata womangidwa ndi waya. Mayiyo anayang'ana pa msomali, nayang'ana uku ndi uku.

"Ba mudala ba nsapato sibanabwele lelo?"

"Banafa," anatero bana Mwansa, osakweza mutu.

Mayiyo anamukhazika mwanayo pa mwala, ananyowetsa nsonga ya chitenje ndi malovu, nayamba kumupukuta zala za kumapazi, chimodzichimodzi.

"Akakufunsa," anatero, "ukambe kapenta."

Anamudzutsa, napita naye pa mzere. Pa mtengo panatsala msomali wokha.